Mwana wa mchemwali wanga amakonda amuna anzake, ndipo seshoni ikufuna kukambirana nkhani yake

FUNSO: Ndine mkulu wa mpingo wa CCAP kuno ku Mulanje. Mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 24, wakulira m'tchalitchi ndipo amaimba kwaya. Mwezi watha mnzake anabwereka foni yake n'kuona mauthenga achikondi amene amalemberana pa WhatsApp ndi mwamuna mnzake. Pano nkhaniyi ili ponseponse. Ena akuti seshoni, bwalo la akulu a mpingo, imudule, ena akuti tikamusiye kupolisi, abale akuti timupezere mkazi msanga kapena tipite naye kwa mneneri. Mayi ake asiya kupita ku Mvano chifukwa cha manyazi. Ine ndimakhulupirira Baibulo, komanso ndine malume ake. Nditani?

YANKHO: Bambo mkulu wa mpingo, mwachita bwino kufunsa musanachite kanthu. Ambiri amafunsa mwana atathawa kale.

Ndiyambe ndi zimene simunafunse. Mnyamatayu akugona kuti masiku ano, ndipo akudya ndi ndani? Munthu amene chinsinsi chake chaululika chonchi, akamadutsa pa Chitakale anthu akukodolana, anzake a m'kwaya akusintha njira akamuona, amakhala pa ngozi ziwiri. Ina ndi kumenyedwa ndi anyamata amene amaganiza kuti zibonga zawo zikutumikira Mulungu. Ina ndi kudzipha. Choncho mukamuone lero, nokha, jekete la ku tchalitchi mutalisiya kunyumba. Musamufunse kuti anachita zotani, ndi yani, kangati. Mumuuze kuti ndinu malume ake lero monga munalili dzana, kenako mumufunse mosazungulira ngati maganizo odzichotsa moyo amamubwerera. Kufunsa kotero sikumuika maganizowo m'mutu, kumangomupatsa womuuza. Akavomera, musamusiye yekha, muchotse tameki ndi mankhwala a m'munda m'nyumbamo, ndipo mupite naye kuchipatala.

Kuno kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwinimbumba ndinu. Mawu anu pa mwana wa mchemwali wanu amalemera kuposa a bambo ake omubereka. Mukanena pakhonde, anthu akumva, kuti mwanayu ndi wa pakhomo pano ndipo womukhudza wakhudza inu, mudzi udzamva. Mukakhala chete, anthu adzatenga kukhala chete kwanuko ngati chilolezo.

Za kupolisi ndikuyankhani mwachidule: ayi. Koma mudziwe mmene lamulo lilili, chifukwa ngozi yake ndi yeniyeni. Gawo 153 la malamulo a milandu ya upandu limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende, gawo 156 zaka 5 kwa amuna, ndipo gawo 137A, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2010, zaka 5 kwa akazi. Magawo okhudza amunawo tinasiyiridwa ndi atsamunda a ku Britain. Boma linalengezapo mu 2012 ndi mu 2015 kuti liyamba laimitsa kumanga anthu pa milandu imeneyi, koma malamulowo sanafufutidwe, ndipo pa 28 Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti akhalebe, n'kunena kuti owasintha ndi aphungu. Lamuloli limakamba za mchitidwe. Silimanga munthu chifukwa cha mmene mtima wake ukumvera. Komabe munthu akangolowa m'chitokosi ndi mbiri yotere, zimene amakumana nazo mmenemo sizidikira chigamulo cha khoti.

Mukukumbukira nkhani ya Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Chirimba mu Disembala 2009. Khoti linawazenga mlandu ngati amuna okhaokha, mu Meyi 2010 anagamulidwa zaka 14, ndipo patangopita masiku ochepa Bingu wa Mutharika anawakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, amene anali mlembi wamkulu wa United Nations. Tiwonge kwawo ndi ku Thyolo, kufupi nafe konkuno, ndipo anathera ku South Africa ngati wothawa kwawo. Ndende ija sinatembenuze munthu aliyense. Chimene inachita ndi kuphunzitsa achinyamata onga mwana wanuyu kuti abisale kwambiri, ndipo wobisala sapita kuchipatala, sapitanso kwa abusa.

Wina mu seshoni akadzati kukana kupita kupolisi ndi kusekerera tchimo, mumukumbutse za pa 5 Febuluwale 2023. Papa Francis, Justin Welby amene anali mkulu wa Anglican, ndi Iain Greenshields amene anali mtsogoleri wa Church of Scotland, anali m'ndege imodzi pochokera ku South Sudan, ndipo onse atatu anauza atolankhani kuti kumanga anthu chifukwa cha zimenezi n'kulakwa. Papa Francis sanasinthe chiphunzitso cha Katolika pa ukwati. Anangosiyanitsa tchimo ndi mlandu wa kukhoti, monga ifenso timachitira tsiku ndi tsiku. Mkulu wa mpingo akagwidwa ndi mkazi wa mwini timamukhazika pa seshoni, sitimuitanira galimoto ya polisi.

Tsopano za chiphunzitso. Sindikunamizani kuti mipingo ya m'Malawi ili pakati. Pafupifupi yonse imaphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo lamulo la maukwati la 2015 limanena chimodzimodzi. Pa 13 Julayi 2023 Akhristu ndi Asilamu anayenda limodzi m'misewu ya Blantyre kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Mu Disembala chaka chomwecho, Vatican italola ansembe kudalitsa anthu amene ali pa maubwenzi otere, maepiskopi a Katolika a kuno analengeza mwamsanga kuti m'Malawi zimenezo sizichitika. Sinodi yanu ya Blantyre nayo sinatsatire Church of Scotland, mpingo umene unabweretsa mishoni ya Blantyre mu 1876 n'kudzafika ndi kuno ku Mulanje, pamene mu Meyi 2022 unavomereza ndi mavoti 274 kwa 136 kuti abusa ofuna adzimangitsa maukwati otere. Seshoni ya mpingo umodzi singasinthe zimenezi, ndipo si zimene mwafunsidwa kuchita.

Chimene chimandidabwitsa n'chakuti timawerenga theka la zikalata za mipingo yathu. Katekisimu wa Katolika, pa ndime 2357, amakana mchitidwewu. Ndime yotsatira, 2358, imati anthu otere alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo tsankho lililonse lopanda chilungamo lipewedwe. Mabishopu a Anglican pa msonkhano wa Lambeth wa 1998, m'chigamulo chomwecho chimene anati mchitidwewu sugwirizana ndi Malemba, analonjeza kumvetsera anthuwa ndi kuwatsimikizira kuti Mulungu amawakonda, komanso kuti wobatizidwa aliyense wokhulupirira ndi chiwalo chathunthu cha thupi la Khristu. Theka loyamba timalilalikira mpaka mawu kusasa. Lachiwirili ndi anthu ochepa amene analimvapo pa guwa.

Mwati mumakhulupirira Baibulo, ndiye tiyeni tilitsegule.

Anthu amathamangira ku Sodomu, Genesis 19. Muwerenge pang'onopang'ono. Amuna a mzinda wonse azinga nyumba ya Loti usiku, akufuna kugwirira alendo. Imeneyo ndi nkhanza ya gulu pa anthu opanda owateteza, ndipo nkhani yofanana nayo ili pa Oweruza 19, pamene wogwiriridwa mpaka kufa ndi mkazi. Mneneri Ezekieli, pa 16:49, akamatchula mphulupulu ya Sodomu amayamba ndi kudzikuza, kukhuta, ndi kusathandiza osauka. Ndime yotsatira imatchulanso zonyansa, ndipo owerenga ena amaikapo mtima pamenepo. Komabe, mukandifunsa amene akufanana ndi amuna a ku Sodomu m'nkhani yanuyi, ndiloza gulu limene lingabwere usiku kudzagogoda pakhomo la mchemwali wanu likufuula kuti mutulutseni wa mathanyulayo.

Levitiko 18:22 ndi 20:13 amaletsa momveka, ndipo ndime yachiwiriyo imalamula imfa. Palibe mpingo wa CCAP umene umapha munthu, monganso suponya miyala achigololo ngakhale Levitiko 20:10 imatero. Ndiye kuti tonse, ngakhale okhwima kwambiri, timawerenga Levitiko kudzera mwa Khristu. Malemba olemera pa nkhaniyi ali m'Chipangano Chatsopano: Aroma 1:26-27, 1 Akorinto 6:9-11, ndi mawu a Yesu pa Mateyu 19 pamene akubwereza za m'Genesis kuti Mulungu anawalenga mwamuna ndi mkazi. Akhristu ambiri padziko, kuyambira kale, amamva malembawa kuti kugonana malo ake ndi m'banja la mwamuna ndi mkazi basi. Alipo ena, ndipo ena mwa iwo ndi akatswiri a Chigriki ndi Chihebri amene amapemphera ngati inu ndi ine, amene amati Paulo ankadzudzula zimene ankaona m'mizinda ya Aroma, monga mabwana kugona akapolo awo, akuluakulu kugona tianyamata, ndi uhule, ndipo sankakamba za anthu awiri akuluakulu olonjezana kukhulupirika. Oyambawo amayankha kuti Paulo anatchula akazi okhaokhanso, ndiponso anatsamira pa chilengedwe osati pa nkhanza zokha. Mtsutsowu wagawa Anglican ndi Methodist padziko lonse. Sudzathera m'chipinda chanu cha seshoni Loweruka masana.

Koma taonani zimene Paulo akuchita pa Aroma 1. Atatchula za amuna okhaokha sakuima. Akupitiriza ndi kusirira, kaduka, ndewu, chinyengo, miseche, kudzitama, kusamvera makolo, kupanda chifundo. Womvera akugwedeza mutu kuti eya, anthu akunja ndi oipadi. Kenako chaputala 2 chikutsegula ndi mawu opita kwa wogwedeza mutu uja, kuti iwe woweruza ulibe chowiringula. Pa 1 Akorinto 6 ndi chimodzimodzi: mndandanda womwewo muli akuba, osirira, oledzera, olalata ndi olanda. Kapitawo wa ku esiteti amene amadya ndalama za othyola tiyi ali momwemo. Wakatapila amene amasunga makhadi a ku banki a aphunzitsi ali momwemo. Anthu amenewa timakhala nawo pa benchi limodzi, ena timawapatsa mbale ya chopereka kuti ayendetse. Sindikunena izi kuti tchimo lina lifafanize linzake. Ndikunena kuti mpingo umene umapirira onsewa zaka ndi zaka, koma mnyamata mmodzi n'kumuthamangitsa sabata imodzi, ukutsatira kunyansidwa kwake, ndipo usanamizire Paulo.

Palinso Machitidwe 8. Mdindo wa ku Etiopiya anali munthu wofulidwa, ndipo Deuteronomo 23:1 inkaletsa wotere kulowa mu msonkhano wa Yehova. Iye si chitsanzo cha mwamuna wokonda amuna anzake, tisamukakamize kukhala chimene sanali. Koma anali munthu amene thupi lake silinkalowa m'ndondomeko ya banja ndi ana, ndipo anali ndi lemba lomutsekera kunja. Filipo anakwera pa galeta lake, n'kukhala naye pansi, n'kuyambira pa lemba limene munthuyo ankawerenga. Atafika pamadzi anamubatiza. Mwa anthu oyamba a mu Africa amene Baibulo limatiuza za ubatizo wawo, mmodzi ndi ameneyu.

Maganizo anga ndi awa. Mutha kugwira chiphunzitso cha mpingo wanu pa ukwati osachisintha ngakhale pang'ono, koma mulibe lemba lokulolani kutseka chitseko cha tchalitchi, kumuyalutsa pa zolengeza, kapena kumuchotsa pa mbumba. Ndipo amene akugwira chiphunzitso chimenechi adziwe kulemera kwa zimene akupempha. Akuuza mnyamata wa zaka 24 kuti akhale moyo wake wonse wopanda womutcha wake. Ena amasenza mtolo umenewu chifukwa cha chikhulupiriro, ndipo ndimawalemekeza. Koma pa Mateyu 23:4 Yesu anadzudzula atsogoleri amene amamanga akatundu olemera n'kusenzetsa anthu, iwo osafuna kuwakhudza ndi chala chomwe. Mpingo umene ukupempha zimenezi ukhale wokonzeka kumuitana ku chakudya pa Khirisimasi, kumudwazika akadwala, kumupatsa ntchito yogwira m'nyumba ya Mulungu. Ngati sungathe, ulibe mphamvu yomupempha kanthu.

Tibwere ku seshoni. Choyamba, mukaonane ndi abusa panokha tsiku la msonkhano lisanafike. Muwauze kuti ndinu malume, ndipo mupemphe kuti iwo ayambe acheza naye mwamseri. Mateyu 18:15-17 imaika ndondomeko: poyamba awiri, kenako ndi mboni imodzi kapena ziwiri, mpingo pamapeto. Pa nkhani yanuyi zayambira kumapeto, msika wadziwa abusa asanamve. Pa msonkhanopo munene poyera ubale wanu. Akakupemphani kuti musavote, vomerani, koma mupemphe kulankhula.

Mukapatsidwa mpata, mufunse mafunso. Mlandu wake ndi uti kwenikweni, zimene wachita kapena mmene alili? Umboni ndi mauthenga amene munthu anawaona m'foni ya mwini popanda chilolezo n'kuwamwaza. Kodi seshoni ikufuna kuti kuyambira lero akhristu azisecha mafoni a anzawo n'kubweretsa zimene apeza? Akulu angati angapereke foni yawo patebulopo? Nanga womwaza uja, amene miseche yake ili mu Aroma 1 momwemo, aitanidwa liti?

Ndipo mufunse chimene chilango chikufuna kukwaniritsa. Mu mpingo wathu mtsikana akatenga mimba ya pathengo, kapena bambo akatenga mitala, amaimitsidwa ku Mgonero. Koma Lamulungu amalowa m'tchalitchi, amamva Mawu, akulu amamuyendera, ndipo njira yobwerera imadziwika. Ngati seshoni iona kuti malamulo a mpingo akuikakamiza kuchitapo kanthu, isapitirire muyeso umene imapereka kwa ena. Ifotokozenso kuti kubwerera kudzatanthauza chiyani. Ikati adzabwerere akadzasiya kumva mmene amamvera, ndiye kuti yamudula mpaka imfa, chifukwa zimenezo sizili m'manja mwake. Pali funso lina limene palibe adzalitchule koma lili m'mtima mwa mchemwali wanu: mwanayu atamwalira, mpingo udzaimba pa maliro ake? Mulifunse inuyo, mokweza, ndipo yankho lilembedwe m'buku la seshoni.

Za kumupezera mkazi, ndikufunseni: mwana wa yani? Kuno mwamuna amakalowa chikamwini. Mudzapita ndi ankhoswe kukapempha malo pamudzi wa eni, mukudziwa chimene eni akewo sakudziwa. Mtsikanayo adzakhala zaka akudzifunsa chimene chalakwika pa thupi lake, alangizi akumuuza kuti awonjezere mikanda, pamene vuto si iye. Amuna ambiri okwatitsidwa motere amakhala ndi moyo wachiwiri wobisika, ndipo mukudziwa mmene matenda anatipwetekera m'maboma a Mulanje ndi Thyolo. Chimenecho ndi chinyengo, ngakhale chidalitsidwe pa guwa ndi kwaya ziwiri.

Za mneneri, kupemphera ndi mwana wanu n'kwabwino, ndipo mupemphere naye ngati iye akufuna. Mwina mudzapeza kuti wakhala akupemphera yekha kuyambira ali ku pulayimale kuti zimenezi zimuchoke, akusala kudya, akulira m'bafa. Achinyamata ambiri a m'tchalitchi amene ali chonchi anayamba kulimbana nazo kale ife tisanadziwe. Koma zomugwetsa pansi pamaso pa gulu, kumumwetsa mafuta, kumujambula n'kuika pa Facebook kuti chiwanda chatuluka, zimenezo mukane. Ku America kunali bungwe lalikulu lachikhristu lotchedwa Exodus International limene kuyambira 1976 linkalonjeza kusintha anthu otere. Linatsekedwa mu 2013, mtsogoleri wake Alan Chambers atavomereza kuti pafupifupi onse amene anawadziwa sanasinthe mmene amamvera, ndipo anapepesa chifukwa cha anthu amene anavulazidwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linachotsa zimenezi pa mndandanda wa matenda mu 1990. Enanso adzakuuzani kuti anaphunzira kwa azungu kapena analandira ndalama. Mwanayu munamuona akubadwa, wakula akumwa madzi a m'phiri lomweli. Mufunseni yekha kuti anayamba kudzizindikira liti.

Mwina iye sadzagwirizana nanu. Atha kukuuzani kuti wawerenga, waganiza, ndipo sakuona kuti chikondi chake ndi tchimo. Pamenepo mudzafuna kukwiya. Ndi munthu wamkulu, ndipo chikumbumtima chake adzayankha nacho yekha pamaso pa Mulungu, monga inunso. Mutha kumuuza zimene mumakhulupirira, kamodzi, momveka, osazibwereza pa nsima iliyonse. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo umalume wanu sunayambe chifukwa choti munkagwirizana pa zonse.

Mchemwali wanu musamuiwale. Iye sanalakwe kanthu, ndipo akufunika kumva zimenezi kuchokera kwa inu, chifukwa usiku akuwerenga zolakwa zake zonse kufunafuna pamene anaphonya polera. Mupemphe mayi busa kapena wapampando wa Mvano, amene mukumudziwa kuti pakamwa pake ndi pomangika, apite akamuone ndi kudzamutenga tsiku la Mvano, ayende naye mpaka kukakhala naye pa benchi limodzi. Tsiku loyamba ndi limene limavuta.

Zitha kuchitikanso kuti mnyamatayu aone kuti pamudzi sipakhalika, afune kupita ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni. Ngati ndi maganizo ake, musamuletse, koma asachoke usiku ngati wakuba. Mumuperekeze pa siteji masana, mumupatse ya thiransipoti, mudziwe kumene akukafikira. Mumuuze kuti kuli mabungwe monga CEDEP amene amathandiza anthu onga iye pa za umoyo ndi za malamulo akakumana ndi nkhanza kapena woopseza kuti amuulula akapanda kumupatsa ndalama, chifukwa oopseza otere ndi ambiri. Ngati sanaimitsidwe, mupemphe mlembi wa seshoni amulembere kalata ya msamuko monga amalembera mkhristu aliyense. Nambala yake muisunge, ndipo muziyamba ndinu kuimba.